Akazi Awiri a Mwezi, Nsangwe ndi Kadamsana: Phunziro la Zakumwamba

Munthu wokhala ku mudzi kumene kulibe nyali za magetsi, akatuluka panja usiku wopanda mitambo ndi wopanda mwezi, angathe kuona nyenyezi zokwanira ngati 2,500 ndi maso ake okha. Makolo akale a mu Afrika ankaziona nyenyezi zomwezo usiku ndi usiku, ndipo ankaziwerenga monga momwe munthu awerengera kalata yochokera kwa mbale wake. Adalibe kalendala pa khoma, adalibe wotchi pa mkono. Komabe mlimi ankadziwa nthawi yososa m'munda, msodzi ankadziwa pokocheza bwato lake mu mdima, ndipo a ulendo ankadziwa nthawi yonyamula akatundu tambala asanalire.

Masiku ano anyamata ndi asungwana ambiri a sukulu angathe kutchula maina a Jupiter ndi Mars, koma wina akawafunsa kuti Nsangwe ili pati, amangoti kakasi. Ena a iwo amati tsabola wakale sawawa. Alipo enanso amene amakweza nzeru za makolo kopitirira muyeso, nanena kuti akale adadziwa zonse zimene akatswiri adazipeza ndi makina. Onse awiriwa asokera. Chimene phunziro lino lifuna kuonetsa ndi ichi: maso a makolo adaona zoona, ndipo adaziona mosamala, chimene chidawasowa ndi chifukwa chake cha zimene adaonazo, ndipo pamenepo ndi pamene sayansi ya masiku ano yathandiza.

Mwezi, mwamuna wa mitala

Anyanja akale ankasimba kuti Mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wake wina, dzina lake Chekechani, adamanga nyumba yake kum'mawa. Winayo, Puikani, adamanga yake kumadzulo. Chekechani ndi mkazi womana: mwamuna wake akafika kwa iye amampatsa chakudya chochepa, ndipo amaonda tsiku ndi tsiku mpaka kutsala pang'ono kufa. Tsono amathawira kwa Puikani, amene amamphikira bwino, ndipo pang'ono ndi pang'ono thupi limabwerera mpaka kunenepa ndithu. Nthanoyi idasungidwa m'mabuku a Alice Werner, amene adakhalako ku dziko lino kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Wina angaseke nati ndi nthano ya ana. Koma ayambe wayang'ana kumwamba mwezi wathunthu. Mwezi ukakhala, umaoneka wochepa ngati chikhadabo, ndipo umaonekera kumadzulo dzuwa litangolowa, kumene kumawala nyenyezi ya madzulo. Kuchokera tsiku limenelo umakulirakulira. Ukamafa, umaoneka wochepanso chimodzimodzi, koma tsopano kum'mawa, m'bandakucha, kumene kumawala nthanda. Palibe ndi tsiku limodzi lomwe limene mwezi wokula udayambira kum'mawa, kapena mwezi wakufa udatsirizira kumadzulo. Amene adapeka nthanoyi adali atapenyetsetsa miyezi yambiri, ndipo adaika zimene adaona m'mau oti mwana sangawaiwale.

Chifukwa chake nachi. Mwezi ulibe kuwala kwakekwake. Ndi mpira waukulu wa miyala, umene uli kutali ngati makilomita 384,000, ndipo umawala chifukwa dzuwa limauwalira. Nthawi zonse theka lake limodzi lili poyera, lina lili mu mdima. Pamene ukuzungulira dziko lapansi, anthu amaona mbali yowalayo pang'ono, kapena theka, kapena yonse, monga momwe mweziwo wakhalira pakati pa dzuwa ndi dziko. Mphunzitsi angathe kuonetsa zimenezi m'nyumba ya mdima ndi nyali imodzi ndi lalanje: mwana agwire lalanje patsogolo pake, natembenuka pang'onopang'ono, adzaona mbali yowala ikukula, kenaka ikuchepa. Kuchokera pokhala mwezi kufikira pokhalanso papita masiku 29 ndi theka.

Nanga akazi awiri aja? Apa sayansi yabvumbula chinthu chimene nthano sidanene. Chekechani ndi Puikani ndi mkazi mmodzi. Nthanda ya m'mawa ndi nyenyezi ya madzulo ndi chinthu chimodzi, ndipo si nyenyezi konse: ndi pulaneti, ndiye kuti dziko lozungulira dzuwa monga lathu lino, limene akatswiri amalitcha Venus. Kukula kwake nkofanana pafupifupi ndi dziko lapansi, koma lili pafupi ndi dzuwa, ndipo limatsiriza ulendo wake m'masiku 225. Popeza njira yake ili m'kati mwa njira ya dziko lapansi, silitalikirana ndi dzuwa; nchifukwa chake palibe munthu adaonapo nthanda ili pamutu pakati pa usiku. Limaoneka kumadzulo miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inai, lisowa masiku owerengeka, litulukira kum'mawa miyezi inanso yonga yomweyo, kenaka libisala kuseri kwa dzuwa masiku ngati 50. Ulendo wonsewo utenga masiku 584. Tsono pamene Chekechani akuwala kum'mawa, nyumba ya Puikani imakhala yopanda mwini, pokhapokha pulaneti ina yowala, monga Jupiter, itaimapo.

M'chaka cha 1610 Galileo wa ku Italy adalozetsa galasi lake loonera kutali pa Venus, naona kuti nayonso imaonda ndi kunenepa monga mwezi. Umenewu udali umboni wakuti imazungulira dzuwa. Mu Disembala 1970 chombo cha ku Russia chotchedwa Venera 7 chidatera pamenepo, ndipo tsopano nchodziwika kuti pansi pa mitambo yake yowalayo pamatentha koposa madigiri 450. Mkazi wokongolayo nyumba yake ndi ng'anjo.

Nsangwe ndi khasu

M'Chichewa mau amodzi oti mwezi amatchula zinthu ziwiri: chowala cha kumwamba, ndi nthawi imene chowalacho chimatenga kuti chikhale, chikule ndi kufa. Zimenezi zionetsa kuti mwezi ndiwo udali kalendala yoyamba. Koma kalendala imeneyi ili ndi bvuto. Miyezi khumi ndi iwiri ya kumwamba ikwanira masiku 354, pamene chaka cha dzuwa, chimene chimabweretsa dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe, chili ndi masiku 365 ndi maora ngati asanu ndi limodzi. Pasowa masiku 11 chaka chilichonse. Mlimi wongowerenga miyezi, pakapita zaka zitatu adzakhala atatsogola ndi mwezi wathunthu, ndipo adzataya mbeu zake m'fumbi lotentha. Padafunika chizindikiro china chosasuntha, ndipo makolo adachipeza m'nyenyezi.

Pali kagulu ka nyenyezi zing'onozing'ono zothithikana, zimene munthu wa maso abwino amawerengapo zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Kuno zimatchedwa Nsangwe, ndipo m'mabuku a Azungu Pleiades. Wofuna kuzipeza ayambe wapeza nyenyezi zitatu zondondozana zija zotchedwa Akamwiniatsatana. Akatsata mzere wao mbali imodzi adzafika pa nyenyezi yowala koposa zonse za usiku, yotchedwa Sirius, ndipo akautsata mbali inayo adzapyola nyenyezi yofiirira nafika pa Nsangwe.

Maina a kaguluka m'zinenero za mitundu ina ndi phunziro pa okha. Azulu ndi Axhosa amati isiLimela. Asotho ndi Atswana amati Selemela. Aswahili a ku gombe amati Kilimia. Mchewa aliyense angamve mau obisika m'menemo: kulima. Kuchokera ku South Africa mpaka ku Zanzibar, anthu adazitcha nyenyezizi ndi dzina la khasu. Kwa Axhosa mwezi wa Juni umatchedwa eyeSilimela, chifukwa ndi pamene kaguluka kamayamba kuonekanso kum'mawa m'bandakucha katabisala masabata angapo, ndipo amuna ankawerenga zaka za uchikulire wao ndi kutuluka kumeneku. Kwa Asotho ndi Atswana kudalinso nyenyezi ina yaikulu ya kumwera yotchedwa Naka, imene akatswiri amati Canopus. Anthu ankaidikira kumapeto kwa Meyi, ndipo woyamba kuiona ankalandira ng'ombe kwa mfumu. Aborana a ku Ethiopia ndi kumpoto kwa Kenya adapita patsogolo koposa: akatswiri ao a masiku amadziwa mwezi wa chaka poona nyenyezi imene mwezi wa kumwamba wayandikana nayo, ndipo Nsangwe ndi imodzi mwa nyenyezi zao zowerengera.

Ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia kayendedwe ka Nsangwe kamagwirizana bwino ndi ntchito za m'munda. Mu Novembala, chizimalupsa chitagwa kale ndipo mizere ili yokonzeka, Nsangwe imatuluka kum'mawa pamene dzuwa likulowa, nikhala kumwamba usiku wonse. Mu Epulo, chimanga chikuuma, imakhala itapendekera kumadzulo ndipo imalowa anthu asanagone. Mu Meyi siioneka konse.

Bwanji nyenyezi zimasunga nthawi chotere? Chifukwa dziko lapansi, kuwonjezera pa kutembenuka kwake kwa tsiku ndi tsiku, likuyendanso ulendo wozungulira dzuwa. Usiku uliwonse anthu amayang'ana mbali ina pang'ono ya thambo, ndipo nyenyezi iliyonse imatuluka mofulumirako ndi mphindi zinai kuposa dzulo lake. Mphindi zinai pa tsiku ndi maora awiri pa mwezi, ndipo pa chaka zikwanira tsiku lathunthu. Tsono nyenyeziyo imabwerera pa malo ake akale pa nyengo yomweyo. Mu Meyi Nsangwe siinapite kulikonse: dzuwa laima pakati pa iyo ndi dziko, ndipo kuwala kwa usana kwaibisa.

Magalasi oonera kutali aonetsa kuti kaguluka nkakakulu koposa momwe maso aonera. Galileo adajambulamo nyenyezi 36. Lero zadziwika zoposa 1,000, zimene zidabadwa pamodzi mu mtambo umodzi wa mpweya ndi fumbi. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo kuchokera ku dzuwa kumafika kuno m'mphindi zisanu ndi zitatu. Koma kuchokera ku Nsangwe kumayenda zaka ngati 440. Kuwala kumene mwana akuona usiku uno kudanyamuka kumeneko Amaravi akulamulidwa ndi a Kalonga.

Pali chenjezo limodzi loyenera kwa alimi. Nsangwe imanena nyengo, koma siibweretsa mvula. Mvula imatsata mphepo ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja zazikulu, ngakhale zakutali ndithu. M'dzinja la 2023 mpaka 2024 nyenyezi zidatuluka pa nthawi yake monga mwa masiku onse, koma madzi a nyanja ya Pacific adatentha kopitirira, chimene chimatchedwa El Niño, ndipo chilala chidapsereza minda, kotero kuti maboma a Zambia ndi Malawi adalengeza kuti maiko ao ali pa ngozi. Mlimi wanzeru ayang'ane kumwamba, amverenso a zanyengo pa wailesi.

Tsiku limene Angoni adaoloka Zambezi

Nthawi zina nzeru ziwirizi zimakomana maso ndi maso, ina nithandiza inzake. Angoni a Zwangendaba, makolo a anthu a M'mbelwa ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata, adalibe mabuku pamene ankachokera kumwera. Koma akuluakulu ao adasunga m'mutu kuti tsiku limene adaoloka mtsinje wa Zambezi, cha kufupi ndi Zumbo, kudachita mdima dzuwa lili kumwamba. Zaka zambiri pambuyo pake olemba mbiri adafunsa akatswiri a nyenyezi ngati kudachitikadi kadamsana kumeneko m'zaka zimenezo. Akatswiri adawerenga chobwerera m'mbuyo, napeza kuti mu Novembala 1835 mthunzi wa mwezi udadutsa dera lomwelo. Mabuku ambiri a mbiri amalemba tsiku la 19, pamene mndandanda wa akatswiri a nyenyezi umaloza la 20. Koma mwezi ndi chaka nzosakayikitsa. Pakadapanda chikumbumtima cha agogo, akatswiri sakadadziwa choti afunefune; pakadapanda masamu a akatswiri, mbiri ya agogo ikadakhala yopanda chaka.

Kadamsana wa dzuwa amachitika mwezi ukapita pakati penipeni pa dzuwa ndi dziko. Dzuwa nlalikulu kuposa mwezi nthawi ngati 400, koma lilinso kutali nthawi ngati 400, ndipo nchifukwa chake mwezi umatha kulitseka lonse. Sizichitika mwezi ndi mwezi popeza njira ya mwezi njopendekeka pang'ono, ndipo kawirikawiri mthunzi wake umaphonya dziko. Pa 21 Juni 2001 kadamsana wathunthu adadetsa mzinda wa Lusaka kwa mphindi zitatu ndi pang'ono, ndipo tsiku ndi ora zidali zitalengezedwa kale kusadafike. Makolo aphunzitse ana kuti asayang'ane dzuwa ndi maso chabe pa nthawi yotere, pakuti limaononga maso osamva kuwawa.

Kalendala ya pa khoma idachokera ku Nile

Ku chipululu cha kumwera kwa Ejipito, pa malo otchedwa Nabta Playa, abusa a ng'ombe adaimika miyala mozungulira zaka ngati 7,000 zapitazo, ndipo ofufuza ena amakhulupirira kuti miyalayo inkaloza kotulukira dzuwa pa nyengo yoyamba mvula. Za Aejipito a m'chigwa cha Nile pali umboni wolembedwa. Iwo adaona kuti Sirius ikayamba kuonekanso m'bandakucha, madzi a mtsinje ali pafupi kusefukira ndi kuthira minda yao, monga momwe ankachitira chaka ndi chaka mpaka damu lalikulu la Aswan lidatsirizidwa mu 1970. Adakonza chaka cha miyezi 12 ya masiku 30, naonjezapo masiku asanu, kukwanitsa 365.

Julius Caesar, pofuna kukonza kalendala ya Aroma imene idali itasokonezeka, adathandizidwa ndi Sosigenes, katswiri wa ku Alexandria, ndipo kuyambira chaka cha 45 Kristu asanabadwe adaonjeza tsiku limodzi pa zaka zinai zilizonse. Chaka chimenechi chidatalika ndi mphindi 11, ndipo mphindizo zidaunjikana mpaka masiku khumi. Papa Gregory XIII adakonza cholakwacho mu 1582: anthu adagona Lachinai pa 4 Okutobala nadzuka Lachisanu pa 15. Chimene chidautsa ntchitoyi ndi tsiku la Paska, limene mpaka lero limatsata dzuwa ndi mwezi pamodzi, pakuti limagwa Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. M'zaka zoyamba za Eklezia, maepiskopi a ku Alexandria, monga Atanazio Woyera, ankalemba makalata chaka ndi chaka olengeza tsikulo. Tsono kalendala yopachikidwa m'sitolo ndi m'kalasi si mlendo mu Afrika. Mizu yake ili m'mbali mwa Nile.

Nkhani ya Adogoni

Si zonse zonenedwa za makolo zimene zili zoona. Mu 1950 Afalansa awiri, Marcel Griaule ndi Germaine Dieterlen, adalemba kuti Adogoni a ku mapiri a Bandiagara ku Mali ankadziwa za kanyenyezi kolemera kwambiri, kosaoneka ndi maso, kamene kamazungulira Sirius pa zaka 50. Kanyenyeziko kalipodi, Alvan Graham Clark wa ku America adakaona ndi galasi lalikulu mu 1862. Nkhaniyi idawanda, ndipo olemba ena adafika ponena kuti Adogoni adaphunzitsidwa ndi alendo ochokera kumwamba. Koma Walter van Beek, amene adakhala pakati pa Adogoni zaka zambiri, adalemba mu 1991 kuti sadapeze anthu odziwa za kanyenyeziko. Ofufuza ambiri tsopano amaganiza kuti nkhaniyo idalowa kudzera mwa Azungu, mwina mwa ofunsa eni akewo. Ndipo kunena kuti alendo a kumwamba ndiwo adaphunzitsa Aafrika si ulemu iai. Ndi chipongwe chobvala malaya a ulemu, pakuti kutanthauza kuti iwo okha sakadatha kuona kanthu. Zimene makolo adazipezadi ndi maso ndi kupirira nzokwanira, zosafuna kuonjezera bodza.

Magalasi a ku Karoo

Thambo la kumwera kwa Afrika nloyera ndi louma, ndipo akatswiri adalikonda kuyambira kale. Nyumba yopenyera nyenyezi ya ku Cape Town idakhazikitsidwa mu 1820, ndipo kumeneko Thomas Henderson adayesa nyenyezi ya Alpha Centauri mu 1832 ndi 1833, napeza pambuyo pake kutalika kwake. Mu 2005 ku Sutherland adatsegula galasi lalikulu lotchedwa SALT, lopangidwa ndi magalasi ang'onoang'ono 91 olumikizana. Mu 2018 ku chipululu cha Karoo adatsegula MeerKAT, mbale zazikulu 64 zimene zimamva mafunde a wailesi ochokera kumwamba, ndipo zajambula pakati pa Mlalang'amba, mzere woyera uja umene Asan akale ankati ndi phulusa limene msungwana adaponya kumwamba. Mu Disembala 2022 adayamba kumanga SKA, makina aakulu koposa, ku South Africa ndi ku Australia. Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la maiko asanu ndi atatu a mu Afrika ogwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi.

Mu 2019 bungwe la akatswiri a nyenyezi a dziko lonse lidapempha maiko kuti atche maina nyenyezi zina zakutali pamodzi ndi mapulaneti ao. Zambia idalandira nyenyezi yosaoneka ndi maso, imene kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 100 kuti kufike kuno. Nyenyeziyo adaitcha Natasha, ndipo pulaneti yake yaikulu adaipatsa dzina la Chinyanja, Madalitso.

Ntchito ya ophunzira

Aphunzitsi ndi ana a sukulu angathe kuyesa okha zimene zanenedwa za mphindi zinai. Azike mtengo woongoka pabwalo, naike mwala pa malo pamene munthu adzakhala, kuti diso likhale pamodzimodzi usiku uliwonse. Asankhe nyenyezi yowala imene ili pafupi kubisala kuseri kwa mtengowo, nalembe ora ndi mphindi imene yabisala. Papite sabata, abwerere pa mwala womwewo: adzapeza kuti yafulumira ndi mphindi ngati 28. Pobwera kumeneko ana apite kwa agogo ao aamuna ndi aakazi, awalozere nyenyeziyo, nafunse dzina lake m'chinenero cha kwao, ndi ntchito imene anthu ankagwira ikatuluka. Ndipo alembe m'kope dzinalo, mudzi, mwezi ndi ora.